Ndinakhalira Mfuti ya Bambo

Ndinadzuka kusanache chifukwa cha phokoso la amuna panja. Sikuti ankalira ayi, ankatsutsana za mfuti. Bambo anga ali m'bokosi pakati pa nyumba, amayi a mpingo atatopa ndi kuimba ali lambalamba pamphasa, koma madoda ozungulira moto pakhomo anali atapeza nkhani yowakomera kuposa maliro.

Unali mwezi wa Julayi, ndipo kwathu kuno kumalire a Dowa ndi Ntchisi mphepo ya mwezi umenewu imalowa mpaka m'mafupa. Nkhungu inali itameza phiri lonse. Ndinafunda chitenje chachiwiri n'kutuluka kukasonkhezera moto wa madzi a tiyi, ndipo podutsa ndinamva zonse. Mkulu wina wopanda mano, yemwe anakulira limodzi ndi bambo, ankalumbira kuti mfuti ya malemu inali gogodela, yosulidwa m'mudzi, yothira wonga ndi tizidutswa ta zitsulo n'kutsendera ndi sanza. Wina, mnzawo wosaka naye nguluwe, ankati zimenezo n'zachibwana, mfuti ya malemu inali yaikulu ija. Wachitatu ankati nonsenu mukunama, malemu ankakonda ya mipope iwiri.

Chondikwiyitsa n'chakuti onse ankanena zoona, koma palibe ankafuna kumva mnzake. Ali mnyamata bambo ankafuna utsi ndi phokoso, gogodela inawakwanira. Atakula n'kupeza chiphaso anagula chimfuti chachitali cholemera, ndipo alimi ankawaitana nguluwe zikayamba kumaliza chimanga m'mphepete mwa nkhalango. Chimfuti chimenecho chinawapatsa dzina, koma chinawagonthetsanso khutu limodzi n'kuwasiyira phewa lobaya kukazizira. Imvi zitayamba anasamukira ku ya mipope iwiri, nati nkhanga imalowa m'thumba, siifuna amuna anayi oinyamula. Maso atayamba chidima anaisinthanitsa imeneyo ndi kamfuti ka mpweya, kothyola pakati, kopepuka, kongoti tswa. Zaka zomalizirazi ankakhala nako kudimba tsiku lonse, amvekere akuthamangitsa njiwa, njiwazo zili phee pamutu pawo. Ine ndi amene ndinkawapititsira phala kumeneko, choncho ndikudziwa. Chimfuti chachikulu chija anachikulunga m'bulangete pamwamba pa kabati, ndipo ankachipaka mafuta kamodzi pachaka mosasangalala.

Zikanakhala zongotsutsana za madoda ndikanazisiya. Koma pamoto pomwepo panali achimwene anga, mwana woyamba wa bambo, omwe anafika dzulo lake madzulo kuchokera ku Joni atatha zaka zambiri osaponda pakhomo. Iwo anachoka bambo akadali munthu wa chimfuti chachikulu, ndipo m'mutu mwawo bambo anaima pomwepo. Anali atanena kale kuti mlenje ngati ameneyu sangalowe m'manda mwakachetechete ngati nkhuku, mfuti yake iyenera kulira kamodzi pamtumbira. Mnzawo wa bambo wosaka naye nguluwe uja anali atawapatsa kale zipolopolo, zili m'thumba la jekete.

Mkulu wa mpingo, munthu wofatsa wa tayi wakuda, anali atayankha usiku womwewo mosakweza mawu. Anati mwambo wa mpingo ndi kulira kwa mfuti siziyendera limodzi, ndipo mfuti ikangooneka kumanda iwo atseka mabuku n'kutembenuka, amayi a nyimbo pambuyo pawo. Kwa amayi anga mawu amenewo anali aakulu. Bambo anakhala kunja kwa mpingo pafupifupi moyo wawo wonse chifukwa cha mowa ndi mankhwala a ulenje. Amayi anawapempherera zaka zonsezo mpaka bambo, ali ndi imvi, anakakhala pa kalasi pamodzi ndi achinyamata n'kulandiridwa. Chinthu chimodzi chomwe amayi ankafuna padziko lino n'chakuti mwamuna wawo aikidwe ndi nyimbo.

Nditalowa ndi tiyi, amayi anandikodola. Anali atakhala kumutu kwa bokosi, atatsamira mphasa yokulunga yomwe inagonekedwa m'mbali mwa khoma.

"Ili m'mphasamu," ananong'ona. "Isatuluke m'nyumba muno."

Ndinangoti kukamwa yasa. Mayi wokalamba, mwamuna wake atangomwalira, anakwera pampando yekha anthu asanadzaze n'kutsitsa chimfuti chimene bambo omwe ankachitsitsa akubuula. Anadziwa kuti palibe mwamuna angabwere kudzasuntha namfedwa pakati pa azimayi m'nyumba ya siwa.

Kutacha anthu anayamba kutsika m'mapiri. Ena anachokera ku Msakambewa wapansi, ena ku Dzoole panjinga, mathalauza atanyowa ndi mame mpaka m'mawondo. Lole ya anthu a mpingo inakanika kukwera chitunda chathu, anyamata n'kuikankha akukuwizana. Kuseri kwa nyumba mafuwa anali ndandanda, nkhuni zaziwisi zikufuka utsi wolowa m'maso, azimayi akudula kabichi m'mabeseni uku akukangana za mchere. Adzukulu, omwe anapita kukakumba manda mbandakucha, anatumiza uthenga woti apeza mwala ndipo chakudya chawo chifulumire. Zonsezi zinkafika kwa ine, chifukwa ndine mwana wamkazi amene ndinatsala pakhomo.

Pakati pa zonsezi achimwene ankangoti balamanthu paliponse pomwe ndili. Anafufuza pamwamba pa kabati, pansi pa bedi, m'nkhokwe, ngakhale m'chigafa cha fodya. Anatuluka m'menemo ndi kamfuti ka mpweya kaja, atakagwira ndi zala ziwiri.

"Achemwali, choseweretsa ana ichi n'cha ndani? Mfuti ya bambo ili kuti?"

"Imeneyo ndiyo mfuti ya bambo," ndinatero. "Ndisiyeni, nyemba zikupserera."

Anapita kukadandaula kwa azakhali, alongo ake a bambo, ndipo iwo anaima mbali yawo. Anati mlamu wawo, kutanthauza amayi, wakhala akumupondereza mlongo wawo ndi za tchalitchi kuyambira kalekale. Pa nthawi ya matenda azakhali amenewa anabwera kamodzi, n'kuchoka ndi nkhuku.

Cha m'ma leveni mvula yamawawa inayamba. Anthu anakhala pansi pabwalo, amuna uku akazi uku, ena atafunda matumba a feteleza. Wowerenga mbiri ya malemu anatchula za nguluwe, madoda aja n'kugwedeza mitu aliyense monyadira ngati mfundo yake yapambana. Mlaliki anatenga nthawi yake. Kenako inafika nthawi yotulutsa bokosi, ndipo linakana kudutsa pakhomo. Anayesa kulipendeketsa, osatheka. Mmisiri wina anatenga hamala n'kuzula chitseko chonse pamodzi ndi mahinjesi ake, n'kuchitsamiritsa pamtengo wa pichesi. Ine ndinali nditakonza zoti anthu akanyamuka nditseke ndi loko n'kuika kiyi m'chitenje. Ndinaima n'kumayang'ana chitseko changa chili panja pamvula.

Amayi anadzutsidwa ndi azimayi awiri. Podutsa anandifinya dzanja. Panalibe wina woti ndimusiyire. Aliyense womuuza akanakauza mnzake, ndipo mnzakeyo akanakauza azakhali. Ndinaganiza kuti ndikhale pang'ono pamphasa paja mpaka mdipiti uwoloke dambo, kenako ndithamange ndikawapeze.

Ndili chikhalire pamphasayo ndinkaona zonse kudzera pakhomo lopanda chitseko. Patsogolo amayi a mpingo a malaya oyera atanyamula nkhata za maluwa, pambuyo pawo bokosi likuyenda pamapewa, amuna akulandirana mosaimitsa. Mzere unali wautali, unatsetsereka m'munda wa mapesi n'kukalowa m'nkhungu, nyimbo yokha n'kumabwerera. Ndinamanga chitenje kuti ndinyamuke. Pomwepo pakhomo panada, achimwene ali chiimire, jekete litanyowa.

Anayang'ana ine, anayang'ana mphasa. Sanafunsenso.

"Dzukani, achemwali."

"Sindidzuka."

"Bambo akulowa m'manda. Mukufuna apite ngati munthu wamba?"

"Ndikufuna apite ngati mwamuna wa amayi. Inu pitani, mukawapeza asanafike."

"Ndipita ndi mfuti."

"Ndiye mundinyamule nayo."

Sakanatero. Mwamuna sagwira mlongo wake, munthu wamkulu kale, kumukoka pamphasa, makamaka tsiku la maliro, ndipo tonse tinkadziwa. Anayenda uku ndi uku m'nyumba mopanda kanthumo. Anayesa kukalipa, anayesa kunyengerera. Anandikumbutsa za tsiku lina ali mwana pamene bambo anabwera ndi nguluwe yomangidwa pamtengo, mudzi wonse ukuimba pambuyo pawo, iye atanyamula chipewa chawo. Anati chimenecho n'chomwe wakhala akuuza anzake ku Joni, kuti bambo ake akaomba, phiri limayankha.

Ndinawauza kuti bambo amenewo ndinawaonanso, koma anatha kalekale. Ndinawauza kuti bambo omwe ndinkawasambitsa ine sankafuna ngakhale kumva chitseko chikumenyetsedwa. Ankanena kuti mfuti yaikulu ukaomba kamodzi tchire lonse limakuthawa, tsiku latha, ubwerere kunyumba khutu likulira, pamene kakang'ono kaja kamakulola kukhala. Ndinawauza kuti ngati akufunadi kuombera bambo awo, atenge kamfuti ka mpweya akaime nako kudimba, palibe angawaletse.

"Musandichititse manyazi," anatero.

"Manyazi? Anthu onsewa ali kumanda, ana a malemu tili muno kulimbirana chitsulo!"

Ndinalira pamenepo, koma kunali kulira kwa mkwiyo. Kumanda kwathu kuli kutsidya kwa dambo, m'kamsitu, ndipo mphepo ikamachokera kumeneko nyimbo zimamveka bwino. Aliyense wokulira mu mpingo amadziwa nyimbo yotsitsira bokosi. Inayamba tili chiyang'anizane. Achimwene anaima pakati pa nyumba osasuntha. Ine ndinali nditakhala pa chitsulo chozizira chomwe chinkandibaya m'ntchafu, ndipo ndinkadziwa kuti ngakhale nditathamanga bwanji ndikapeza dothi litabwezeredwa. Miyezi yonse ija yowatembenuza pamphasa, kuwamwetsa ndi supuni, kuwachapira, ine ndi amene sindinaponye dothi.

Nyimbo zitaleka ndinadzuka. Miyendo inali itachita dzanzi. Ndinafunyulula mphasa, ndinachotsa bulangete, n'kukankhira chimfuti chija kumapazi awo.

"Nayo. Ombani tsono, phiri liyankhe."

Anawerama n'kuinyamula. Achimwene nawo si mwana, imvi zayamba m'mbali ndipo mimba yatsogola. Anaikweza kufika paphewa, mpope ukugwedezeka, anaigwira kanthawi kochepa n'kuitsitsa. Anati, "Koma ndi yolemera." Anaikulunganso okha m'bulangete n'kukakhala pakhonde.

Anthu anabwerera m'timagulu, anasamba m'manja pachipata, anadya. Palibe anatifunsa kanthu, koma maso a azimayi ankandipeza paliponse. Azakhali anadutsa pafupi nane osandiyang'ana. Madoda aja anabwerera pamoto wawo, ndipo ndinamva wopanda mano uja akuyambiranso za gogodela. Lole inatsetsereka chitunda isanade, mmisiri anabwezeretsa chitseko mopendekeka, atsikana anatsuka mapoto n'kuwavundikira pathandala.

Madzulo m'nyumba munatsala amayi, azimayi achikulire atatu ogona nafe, ndi ine. Achimwene anali pakhomo penipeni, theka mkati theka kunja. Mvula inali itasiya. Munali zii, moti ndinkamva madontho akugwa kuchokera kudenga la malata.

Amayi anayankhula okha, mawu atasasa. Anati bambo aikidwa bwino, nyimbo zonse zaimbidwa, mkulu wa mpingo wapemphera mpaka mapeto. Anandigwira bondo pang'ono. Kenako analoza patebulo, pomwe panali nkhata ya maluwa yonyowa imene mayi wina wa mpingo anabwera nayo kuchokera kumanda.

"Anaitana ana a malemu kawiri kuti adzaike nkhatayi," anatero. "Ndinangoyang'ana pansi."

Achimwene anaphimba nkhope ndi chipewa. Ine ndinadzuka kukathira madzi m'beseni kuti maluwawo asafote. Kumanda kwathu munthu sumangolowa mwambo ukatha. Mawa lake ndinayenera kukapempha chilolezo kwa akuluakulu a mudzi, n'kupeza mdzukulu wondiperekeza, kuti akandilozere pomwe agona bambo anga.