Mayi Malisiti ndi Mpopi wa Kuseri

Asanu ndi awiri mwa makumi atatu ndi mmodzi. Amenewo ndiwo anasamba m'manja potuluka kuchimbudzi tsiku loyamba limene Mayi Malisiti anawerenga, pa sitolo yopikulitsa sopo. M'katimo makatoni a sopo anafika kudenga, koma pa mpopi wa kuseri panalibe ngakhale kachibenthu.

Dzinali analitengera pantchito. Chibwerere pa sitolopo amakhala pawindo kulemba malisiti, ndipo masamu amawamaliza m'mutu makina asanayake n'komwe. Kunyumba ali ndi ana amapasa, ndi mwamuna woyendetsa lole amene amamveka pafoni kuposa pakhomo. Chaka chino mayiyu analembetsa digiri yachiwiri, ya zaumoyo wa anthu, yophunzira pa intaneti ntchito osasiya. Kalasi yake ndi nthawi ya nkhomaliro, m'chipinda chosungira katundu, foni itatsamira katoni, chala chili pa batani lotseka mawu kuti aphunzitsi asamve onyamula katundu akutukwanana.

Ntchito yoyamba imene aphunzitsi anapereka inaoneka yosavuta: werengani osamba m'manja kuntchito kwanu, iwo asadziwe. Woilephera sapitirira, adikira chaka chamawa.

Mayi Malisiti anasuntha mpando wake kufupi ndi khomo la kuseri. M'thumba lamanzere la epuloni anadzazamo zitsekerero za mabotolo. Munthu akasamba, chimodzi chinkasamukira kumanja.

Mlonda ndiye anayamba kukayikira.

"Mayi, masiku ano maso ali kuchimbudzi. Kwagwanji?"

"Ndikupitidwa mphepo, achimwene."

"Mphepo ya kumeneko?"

Dzuwa lisanapendeke, sitolo yonse inali itamva kuti abwana akufuna kuchepetsa antchito ndipo atuma kazitape. Ena ankati akuwerenga okhalitsa m'chimbudzi. Mayi ophika tiyi, amene anamvako kalasi ya pafoni ija akudutsa ndi ketulo, anawongola nkhaniyo: ndi manja. Osasamba achotsedwa.

M'mawa mwake pa mpopi panali mzere ngati pa chigayo. Onyamula katundu ankasamba mpaka m'zigongono, wina n'kuwonjezera nkhope ndi khosi. Aliyense akamaliza ankaimika manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi.

"Mwandiona, mayi? Ikani pamenepo, mundiike bwino."

Dalaivala wa sitolo anasamba asanalowe m'chimbudzi, anasamba atatuluka, n'kudzasambanso chifukwa poyamba paja mayiyo anayang'ana kumbali. Abwana ataona mzerewo anatulutsa sopo mmodzi wosweka, n'kumudula panayi, chidutswa chimodzi n'kuchimangirira pa mpopi ndi chingwe. Pofika madzulo zitsekerero zinatha: osamba makumi anayi ndi anayi, pa antchito makumi atatu ndi mmodzi.

Aphunzitsi anayankha mwachidule: "Chiwerengerochi n'chosatheka. Mwina mwapeka, mwina akudziwa kuti mukuwaona. Bwerezani. Mwayi watsala umodzi."

Mayi Malisiti anaganiza zongonena chilungamo. Anawasonkhanitsa anzakewo pa nthawi ya tiyi.

"Abale anga, si za abwana izi, ndi za sukulu. Palibe achotsedwe. Muzingochita monga munkachitira kale."

"Ndiye kuti tisamasambe?" anafunsa mlonda.

"Ayi, muzisamba. Koma amene sasamba, asasambe."

"Aaa! Sukulu yake ndi yotani yoletsa anthu ukhondo?"

Mkulu wa onyamula katundu anapukusa mutu. "Anyamata, msampha uwu. Ine ndili ndi ana." Anasiya kapu ya tiyi n'kupita kukasamba.

Chovuta china n'chakuti zinthu zinayamba kuyenda bwino. Opempha kukagona chifukwa cha m'mimba anachepa. Abwana anasangalala, ndipo pa msonkhano wa antchito anamuimiritsa mayiyo n'kumutcha woyang'anira ukhondo, udindo wopanda chowonjezera pa malipiro. Anthu anawomba m'manja moyera bwino, akuyang'anana mwakuti suja tinanena.

Mwamuna wake ataimba foni ali pa msewu, anaseka mpaka kutsokomola.

"Amake mapasa, anthu akusamba, inu mukudandaula. Si zomwezo mukuphunzirazo?"

"Ndimafuna adzasambe ndikamaliza digiri, bambo. Osati panopa."

"Ndiye muwapemphe adikire zaka ziwiri."

Mayi Malisiti sanaseke. Anakhala pa katoni n'kuziyala zinthu m'mutu monga amayalira malisiti. Anthuwa sakuopa matenda, akuopa iye. Akapanda kumuopa, manja abwerera mwakale, m'mimba mubwereranso, ndipo iye akhoza kusukulu. Zinamuvuta pang'ono mumtima, koma anadzitonthoza kuti akadzatenga pepalalo adzawakonza onse bwinobwino, ndi umboni wa manambala.

Nzeru inapezeka: Lolemba alengeza kuti sukulu yamukanika, wasiya. Udindo wa ukhondo aubweza kwa abwana, mpando aubwezera pawindo, ndipo adikira kuti anthu amuiwale. Akatero ayambanso kuwerenga, posuzumira pa kabowo ka m'chipinda chosungira katundu.