Mmene Ndinasungira Nyimbo za Ukwati wa Esinati

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, poti ena akandiulula adzathira mchere wambiri. Ine Yotamu, amene lero ana a pamsika amanditcha madala chifukwa cha imvi zobwera zosaitanidwazi, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti nyimbo zimatha ngati palafini. Musafulumire kuseka. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma maso ndinali nawo, ndipo zimene ndinkakhulupirirazo ndinachita kuziona.

Inali nyengo yozizira, fodya atapita kale ku okushoni. Zigafa zinali pululu, koma fungo la fodya linali likadali m'mabulangete ndi m'tsitsi mwathu. Kwathu kumtunda kwa Malomo, nkhungu inkatsika m'mapiri m'mawa n'kukhala pabwalo mpaka mbuzi zitatopa kulira m'khola. Matipate anali atatha kale zaka zingapo, koma mantha akale anali asanachoke. Amuna ankatsutsana za zipani pagolosale mokweza mawu, kenaka n'kucheuka kaye kuona amene wamva. M'nyengo imeneyo ndi mmene atsibweni anga a Lingisoni, mlongo wawo wa amayi, anatulukira kuchokera ku Joni ndi pikapu yoyera yonunkhira dizilo ndi sopo wachilendo.

Pikapu tinali titaionapo. Chimene chinatiimitsa mitu chinali kanthu kakuda, kotalika ngati chala changa chapakati, kamene ankakasunga m'thumba la malaya. Kaseti tinkaidziwa bwino: unkaiona ikuzungulira, ikatafunidwa unkaikulunga ndi bolopeni. Koma kanthu aka kanalibe chozungulira chilichonse. Ndinakaika kukhutu, zii. Ndinakagwedeza, zii. Atsibweni anati nyimbo anaziikamo pa kompyuta komweko ku Joni, zochuluka moti ukhoza kufika ku Lilongwe n'kubwerako osabwereza imodzi.

Kuti kaimbe mokweza pankafunika chingwe. Chinali chakuda, chopyapyala ngati mchira wa mbewa, ndi mitu iwiri yofanana yonga timisomali tonyezimira. Mutu wina unkalowa m'kanthu kaja, wina m'kabowo kakang'ono pa wailesi ya galimoto. Ukangolowetsa, masipika a m'zitseko ankayamba athetheka, kenaka gitala ankatuluka ngati wakhala akudikira kuseri kwa mpando. Chingwe chotero kunalibe pa Malomo, ngakhale ku Boma. Chinali chimodzi chokhacho m'mapiri onse amene ndinkawadziwa.

Tsopano imvani nzeru zanga, mundiuze ngati zinali zoperewera. Atsibweni ankagula dizilo m'zigubu. Pothira, ankaika chigubu pamwamba, kulowetsa payipi, kutsopa ndi pakamwa, kulavula uku akutukwana, ndipo mafuta ankayenda okha kulowa m'galimoto mpaka chigubu chitapepuka. Akafuna kuimitsa, ankangopinda payipiyo. Ine ndinayang'ana chigubu ndi payipi, ndinayang'ana kanthu kaja ndi chingwe chake, ndipo zonse zinagwirizana m'mutu mwanga ngati chivundikiro ndi poto wake. Nyimbo zinkatsika m'chingwe, kulowa m'galimoto, n'kutayikira kunja pa zitseko. Ndipo chotayika sichibwerera m'chigubu.

Zikanangokhala nzeru za mwana zosapweteka munthu, pakanapanda ukwati. Mlongo wanga Esinati, amene anandibereka kumbuyo amayi ali kumunda ndiponso amene ankandichotsa matekenya ndi chisingano, ankakwatiwa kumapeto kwa nyengoyo ndi mphunzitsi wa ku Mvera. Akuchimunawo anali anthu a mabuku, oti ngakhale kutsokomola ankatsokomola mwaulemu. Pokambirana za madyerero, azakhali awo ena a magalasi anafunsa mofatsa ngati kwathu kuli choimbira, kapena abweretse chawo. Atsibweni anadzigunda pachifuwa n'kunena kuti nyimbo zisiyidwe m'manja mwawo. Esinati anasankha yake yolowera pabwalo, ya gitala wozizira bwino, ndipo ankayeserera masitepe ake kuseri kwa nkhokwe poganiza kuti palibe akumuona.

Koma atsibweni anali munthu wosadziwa kusunga. Ankaimba nyimbo popita kuchigayo, ankaimba potsuka matayala, ankaimbira ngakhale atsikana a pamjigo amene sanawapemphe. Ya Esinati ija ndiye ankaibwereza katatu patsiku. Ine mtima unkawawa ngati ndikuona munthu akutaya ufa pansi m'mwezi wa njala. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti azisiyako zina za ukwati. Anaseka mpaka chipewa kugwa.

"Mphwanga, izi sizitha."

Sindinawakhulupirire. Mawu omwewo anali atawanena pa shuga amene anabwera naye, ndipo shugayo sanaone Lamulungu lachitatu.

Choncho ndinayamba ntchito yanga. Dzuwa likamalowa atsibweni ankapita kukacheza kugolosale, kanthu kaja n'kukasiya m'galimoto chingwe chili cholowetsa, zimene kwa ine zinali ngati kusiya mpopi wotsegula. Ndinkalowera pa windo losatsekeka bwino. Ndinkamanga mfundo zitatu pachingwepo, kukoka ndi mano kuti zithine, kenaka pafupi ndi mutu n'kupinda n'kukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. M'mawa, popita kukatsegulira mbuzi, ndinkamasula zonse n'kuwongola chingwecho pabondo. Ndinachita izi masabata angapo, ndipo ndinkayenda pamudzi ngati munthu amene akusunga chinsinsi cha boma.

Kenaka mawu anayamba kudukaduka. Nyimbo inkati ikuyenda bwino, mwadzidzidzi sipika imodzi n'kukhala chete, ina n'kumakanda ngati nkhuku. Atsibweni ankati ndi fumbi la misewu yathu, n'kumauzira m'kabowo. Ine ndinkadziwa zenizeni. Payipi nayo imalira choncho chigubu chikamafika pansi. Ndinawonjezera mfundo yachinayi.

Tsiku la ukwati linacha ndi mphepo yozizira yonyamula fungo la thobwa, utsi wa nkhuni zaziwisi ndi nyama ya mbuzi. Titachoka kutchalitchi, pikapu inaimikidwa pafupi ndi chisakasa cha udzu, zitseko zonse zili yasa. A ku Mvera anakhala pamabenchi a kutsogolo, nsapato zawo zikuwala ngakhale m'fumbi lathu lofiira lija. Esinati anaima pakhomo pa nyumba ndi velo yake, mkono uli m'mkono mwa alamu anga atsopanowo, kudikira gitala wake. Atsibweni analowetsa chingwe monyadira, chala chimodzi m'mwamba.

Kunali zii. Anazula, anauzira, analowetsanso. Kunamveka kukanda kamodzi, n'kubwereranso zii. Amayi a nthungululu anatsala kukamwa kuli yasa. Azakhali a magalasi aja anatsitsa magalasiwo pamphuno n'kunong'oneza mnzawo. Ndinayang'ana Esinati ndipo ndinaona akuluma mlomo wam'munsi, monga ankachitira akafuna kuti asalire pamaso pa anthu.

Ndinathamangira m'galimoto misozi ili chuchuchu. "Atsibweni, sizinathe, zilimo, ndakhala ndikuzisunga ine." Pofuna kuwaonetsa mmene ndinkatsekera, ndinagwira chingwe pafupi ndi mutu n'kuchipinda. Gitala anaphulika m'zitseko zonse. Ndinadzidzimuka n'kusiya, ndipo anazimanso. Atsibweni anatenga chingwecho, anaona mmene chinakhotakhotera, anaona zipsera za mano, kenaka anayang'ana m'kamwa mwanga. Anandikhazika pampando, n'kupinditsa zala zanga pamalo omwe aja.

"Gwira pomwepo. Ukangosuntha, ndikupereka kwa azakhali a magalasiwo ukawatsukire mbale mpaka udzamere ndevu."

Ndinagwira kuyambira masana mpaka dzuwa litafiira. Ukwati wa mlongo wanga ndinauonera pa kagalasi ka m'mbali, kamene kankangondionetsa misana ya anthu, zitenje zikuwuluka ndi fumbi. Zala zinachita dzanzi, dzanzi linakwera mpaka m'phewa. Ntchentche inapeza mphuno yanga n'kumangapo mudzi. Nditayetsemula nyimbo inaduka, ndipo bwalo lonse linaima mwendo uli m'mwamba. Woyendetsa mwambo, munthu wochenjera pakamwa, analengeza kuti kameneko ndiye kavinidwe ka ku Joni. A ku Mvera anakakonda kwambiri, moti ena anapempha kuti ndizibwereza. Za chikhodzodzo changa sindinena, pano pali ana.

Chakumadzulo Esinati anazemba pakati pa anthu n'kubwera pa windo ndi kambale. Poona kuti manja anga onse ali pantchito, anayamba kundidyetsa nyama ndi zala zake, nthuli imodziimodzi, velo ataikankhira kumbuyo kuti isade. Atsibweni anali atamuuza kale zonse.

"Mbuzi ya munthu iwe," anatero akundipukuta pakamwa. "Ndiye kuti masiku onsewa umandisungira ine?"

Ndinavomera ndi maso okha, poopa kugwedeza chingwe. Mawa lake pikapu yomweyo inamutenga kupita ku Mvera ndi masutikesi ake. Inanyamuka mwakachetechete, chifukwa wogwira chingwe analibe malo.

Kwa zaka zingapo ndinkatsutsa aliyense wonena kuti ndinatsala pang'ono kuwononga ukwatiwo. Ndinkati nyimbo zinakwanira tsiku lonse chifukwa cha mfundo zanga. Nditakula ndinamva kuti m'kati mwa chingwe muli timawaya tonga ubweya, toti timaduka ukamatipinda, ndiponso kuti nyimbo ya m'kanthu kotero ukhoza kuimvera mpaka makutu atagontha, iyo ili chikhalire. Ndinavomera. Koma kuvomera kwa mutu ndi kwina, kwa zala ndi kwina.

Mwezi wathawu mwana wanga woyamba Chikondi, amene amayendetsa minibasi, anatitenga ine ndi amayi ake popita ku Boma. Analumikiza foni yake ku wailesi ndi chingwe chonga chomwe chija, ndipo pofuna kundisangalatsa anandipezera gitala wa Esinati. Nyimboyo sinafike ndi pakati pomwe, ndinangoona dzanja langa lazula chingwecho. Mnyamatayo anati, "Bambo, izi sizitha." Ndinamuuza kuti ndikudziwa, ayang'ane msewu. Esinati akadali ku Mvera, alamu anatisiya, ndipo iye miyendo ikumukana. Papita zaka ziwiri ndikunena kuti ndidzapita kukamuona ikadzapezeka nthawi yabwino.

Amayi a kunyumba anali ataona zonse. Anadikira titadya, ana atatuluka, ndipo akupinda nsalu anandiuza osandiyang'ana n'komwe:

"Nyimboyo yokha siitha, bambo a Chikondi. Achemwali anuwo ndiye akutha. Mawa mumuuze mwanayu akuperekezeni ku Mvera, mukawaimbire yonse mpaka kumapeto. Manja anuwo mukakhalire."