Aneba Anga Ozula Waya

Aneba anga amagwira ntchito kubungwe lina pa Migowi, kumene makompyuta atatu olumikizana amasunga mayina a alimi olandira mbewu. Pulogalamu yatsopano ikabwera, iwo saombera m'manja. Amaiyesa kaye pa mayina okopera, n'kuzula dala waya wa kompyuta imodzi kuti aone ngati otsalawo asungabe zonse.

"Nkhokwe yabwino imadziwika m'dzinja," amatero.

Chaka chatha abwana a ku Blantyre adabweretsa pulogalamu yongotuluka kumene, ali pachangu.

"Ikani lero, bambo. Kwathu yayenda bwino."

"Kwanuko magetsi adathimapo ikuyenda?" adafunsa aneba.

Adaiyesa pa mayina okopera aja, n'kuzula waya. Mayina onse a alimi a dera la Mkhumba adasowa. Abwana adangoti kukamwa yasa.

Aneba adabwezera waya pang'onopang'ono. "Pa mndandanda weniweniwo," adatero, "pali dzina la mayi anga."