Chithunzi chimene ndinajambula pokwerera makombi

Ndinawononga chibwenzi cha mnzanga wapamtima chimene chinali pafupi kukhala banja, ndipo ndinachita zimenezi ndi foni yangayi. Ndakhala nthawi yaitali ndikudzinamiza kuti ndinkafuna kumuteteza, koma lero ndikuvomera pamaso panu, inu owerenga, kuti inali nsanje basi.

Ndinabadwira ku Chipadze kuno ku Bindura. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo kunyumba kwathu Chichewa sichinazilale ngati m'makomo ena. Pa tchalitchi chathu pali gulu la zisudzo limene a Mwale, amene anali kalaliki wa pamgodi asanapume, ankaliyendetsa. Chaka chilichonse kukayamba kutentha, cha m'ma Okutobala mpaka Khirisimasi, tinkaonetsa masewero atatu muholo ya tchalitchi, ndipo anthu ankabwera kuchokera ku Shamva ngakhale ku Jumbo.

Chaka chimenecho a Mwale analemba sewero lalikulu la mayi wa pafamu amene anasiya mwana wake wakhanda pakhomo la anthu ena chifukwa cha njala, n'kuthawa. Analengeza kuti mbali ya mayiyo idzakhala m'Chichewa chokhachokha, ndipo aliyense woifuna abwere kudzayesedwa. Ine ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti mbaliyo ndi yanga, chifukwa pagulupo panalibe wondiposa Chichewa.

Mnzanga Rudo anabweranso. Tinakulira limodzi, tinaphunzira kalasi imodzi, ndipo ankagulitsa zovala pamsika. Chichewa amamva bwinobwino, koma akati alankhule, mawu atatu alionse limodzi limakhala la Chishona. Tsiku loyesedwalo ine ndinawerenga mawu onse osaphonya. Iye anapunthwa kangapo, koma atafika pamene mayi uja akuika mwana pansi, amayi ena amene ankasesa muholomo anaima ndi matsache m'manja. A Mwale anasankha Rudo. Ine anandipatsa mbali ya mkazi wa kapitawo, ya mawu ochepa.

Ndinamukumbatira Rudo pamaso pa anthu, koma mumtima funso linali limodzi: munthu wosatha kulankhula chinenero cha sewero wasankhidwa bwanji? Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwayang'anitsitsa awiriwo. A Mwale akamuitanira pambali kuti amukonze mawu, ine ndinkawerengera mphindi. Akaseka limodzi, ndinkasunga mumtima. Kenako ndinaona kuti Loweruka lililonse m'mawa Rudo sankapezeka pamsika, ndipo Lolemba ankabwera koyeserera Chichewa chake chitasintha, akutchula mawu akale amene ngakhale ine ndinangowamvapo kwa agogo.

Ndinamufunsa kumene amapita. Anandiyankha kuti, “Sisi, ndinalonjeza kuti sindiuza munthu. Ungondikhulupirira.” Inu owerenga, yankho limeneli likanandikwanira ndikanakhala ndi mtima wabwino. Koma kwa ine linakhala umboni.

Loweruka lotsatira ndinalawirira pokwerera makombi, maminibasi opita ku Shamva, n'kubisala kuseri kwa tebulo la mayi wogulitsa nthochi. Sipanatenge nthawi, ndinaona Rudo akubwera, pambuyo pake a Mwale atanyamula jumbo la shuga ndi buledi. Polowa m'kombi a Mwale anamugwira mkono kuti asagunde mutu pachitseko, ndipo nthawi yomweyo ndinajambula chithunzi.

Rudo anali ndi chibwenzi, mnyamata wokonza magetsi pamgodi dzina lake Tawanda, ndipo makolo a mbali zonse anali atayamba kale kukambirana za ukwati. Ndinamutumizira chithunzicho ndi mawu akuti afunse yekha kumene bwenzi lakelo limapita Loweruka lililonse. Ndinamupempha kuti asanditchule. Pofika Lamlungu chithunzicho chinali chitafika kwa alongo ake a Tawanda, kenako m'mafoni a amayi a tchalitchi chonse.

Tawanda anamufunsa Rudo, ndipo Rudo anayankha zimene anandiyankha ine, kuti analonjeza. A Mwale nawo ataitanidwa ndi abusa anati palibe choipa chimene chikuchitika, koma sangaulule kumene amapita asanapemphe chilolezo kwa mwini nkhani. Palibe amene anawakhulupirira. Akwawo kwa Tawanda anaimitsa zokambirana za ukwati. Abusa anauza a Mwale kuti ayambe atula pansi udindo, ndipo Rudo anasiya kubwera koyeserera. Pamsika amayi ankasiya kulankhula iye akamadutsa. Akuluakulu a gulu anandipatsa ine mbali ija, ndipo ndikuvomera kuti ndinailandira ndi manja awiri. Kwa milungu iwiri ndinkaima kutsogolo ndikunena mawu a Rudo, ndikudziuza kuti chilungamo chaoneka.

Lamlungu lachitatu, mapemphero ali mkati, mayi Mwale analowa atagwira dzanja gogo wina wowonda, wovala duku loyera ndi nsapato za pulasitiki. Anapempha abusa kuti gogoyo alankhule. Anali azakhali awo a mayi Mwale, okhala ku Shamva. Gogoyo anaima kutsogolo, nakana mpando umene anamupatsa. Anafotokoza m'Chichewa chakale kuti sewero limene tinkayesereralo ndi moyo wake. Ndi iye amene anasiya mwana pakhomo la anthu ali mtsikana pafamu, ndipo mwanayo sanamuonenso. Ana ake amene anabereka pambuyo pake sankadziwa. Analola a Mwale kulemba nkhaniyo pokhapokha dzina lake libisike, ndipo mayi Mwale ndi amene anaganiza zoti Rudo azipita kwa iye Loweruka kukaphunzira kalankhulidwe kake, amuna awo akulemba zimene gogoyo wakumbukira.

“Mwanayu wanyozedwa chifukwa chondisungira ine manyazi anga,” anatero gogoyo. “Ndiye ndabwera nawo ndekha kuti muwaone. Musiyeni.”

Mwana wake wamwamuna, bambo wamkulu ndithu amene anawaperekeza osadziwa chimene mayi ake adzanene, anatuluka m'tchalitchi atagwira kumutu. Ine ndinatsala pabenchi. Ndinazindikira kuti sindinapweteke Rudo yekha. Ndinakakamiza mayi wokalamba kuulula chinsinsi chimene anachisunga moyo wake wonse, pamaso pa anthu osawadziwa.

Tawanda sanachedwe kuulula kuti chithunzi chinachokera kwa ine. Anapita kukapepesa kwa Rudo, koma Rudo anamubweza. Anati mwamuna amene anakhulupirira chithunzi kuposa mawu ake sangakhale naye nyumba imodzi. A Mwale anapemphedwa kubwerera pa udindo, koma anakana, ndipo sewero la gogo lija silinaonetsedwe. Chaka chimenecho holo inangokhala yotseka nyengo yonse, ndipo achinyamata amene anayeserera masewero ena awiri aja kwa miyezi anangobalalika.

Ndinapita kwa Rudo patapita masiku anayi. Ndinamupeza akupinda zovala zogulitsa pakhonde. Ndinagwada n'kunena zonse, osabisa kuti chinandipweteka ndi mbali ya sewero. Sanakalipe ndipo sanasiye kupinda. Atamaliza anati, “Ukanandiuza kuti ukuifuna chonchi, ndikanakusiyira. Ine ndinkaopa tsiku lililonse kuti ndichititsa gulu manyazi.” Ananena kuti wandikhululukira pamaso pa Mulungu, koma ndisamabwerenso kwawo. Chaka chisanathe anasamukira ku Harare kwa mchemwali wake. Tikakumana pamaliro timapatsana moni ngati anthu amene anangoonanapo kamodzi.

Kwa gogo uja sindinapitebe. Kawiri konse ndafika pokwerera makombi a ku Shamva n'kubwerera, chifukwa sindidziwa kuti ndikayambira pati. Ndimamva kuti mwana wake mmodzi sakumulankhulabe.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli m'magulu a zisudzo, makwaya ndi zina zimene amasankha mmodzi n'kusiya ena, samalani ndi mtima wanu tsiku limene mwasiyidwa. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene wosankhidwayo achite chimaoneka chokayikitsa, ndipo mumadziona ngati mukufufuza choonadi pamene mukungofuna chomugwetsera. Ngati mnzanu amene mwamudziwa kuyambira ubwana wakuuzani kuti pali chimene sangaulule, mupatseni nthawi. Ndipo musanatumize chithunzi cha munthu kwa wina, dzifunseni moona mtima kuti mupindula chiyani iye akagwa. Ine ndikanadzifunsa funso limenelo m'mawa uja, yankho lake likanandichititsa manyazi ndisanapweteke aliyense.