Ng'ombe Zimene Ndinatsikira Nazo ku Bwanje

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene ndinapha ng'ombe za bambo anga. Sindinagwire mpeni kapena nkhwangwa ayi, ndinangotseka pakamwa. Lero ndine nkhalamba, ndinapuma ntchito nditakhala manijala wa kampani ya mtengatenga zaka zambirimbiri, ndipo achinyamata akabwera kudzandifunsa kumene ndinaphunzira utsogoleri amayembekeza kuti nditchula sukulu inayake ya kunja. Ine ndimangoseka. Ndinauphunzira ku Bwanje, ndipo mphunzitsi wake anali munthu amene mpaka lero ndikamukumbukira malovu amandiwawa m'kamwa.

Kwathu n'kumtunda kwa Nsipe, kozizira, kolima chimanga ndi mbatata. Nthawi imeneyo dziko linali lidakali m'manja mwa azungu, ndipo bambo, monga amuna ambiri a m'mudzi mwathu, ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Anali atapitako katatu. Atabwera ulendo wachitatu anagula ngolo yakale ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngoloyo: Bantomu, wakuda wa chipumi choyera, ndi Sikochi, wofiira wa nyanga imodzi yopindikira pansi. Anali atayamba kale kakhosomo kouma kamene kankawagwira m'mawa. Tsiku lonyamuka ulendo wachinayi anandiimika pakhomo pa khola, chipewa chili kumanja.

"Damiyano, uwu ndi ulendo wanga womaliza," anatero. "Ndikukatenga pulawo basi. Ndikabwera tizidzalima ndi kunyamulira anthu katundu, ine m'dzenje muja sindidzalowamonso. Ng'ombe izi ndi zimene zinditulutse pansi pa nthaka. Uzisamale."

Ndinazisamaladi. Ndinkazithothola nkhupakupa ndi zala zanga, ndinkazimwetsa madzi ndisanamwe ine, ndipo Bantomu ankati akamva mawu anga ali kudambo amadzutsa mutu n'kuyamba kubwera yekha.

Kenako kunabwera malume Zakeyu, mlongo wawo wa amayi. Iwowa anali kapitawo pa msika wa kampani ina yogula thonje kuchigwa cha Bwanje. Ankavala kabudula wa kaki wosita bwino, pensulo kukhutu, wezulo ili lende pakhosi. Pakamwa ndiye musanene: anali munthu woti akhoza kukugulitsa mbuzi yako yomwe iwe n'kuthokoza. Chilimwe chimenecho lole ya kampani inali itawonongeka, thonje lili milumilu pamsika, ndipo mzungu woyang'anira, amene anthu ankamutcha Bwana Chisoti, anali atalonjeza akuluakulu ake ku Limbe kuti thonje lonse likhala litakwera sitima ku Sharpevale mvula isanagwe. Malume anakwera kumtunda kudzafuna ngolo.

Amuna okhala ndi ngolo anasonkhana pabwalo la tchalitchi, anamvetsera, n'kukana. Amene anawayankhulira anali a Nyoni, mkulu wina amene anakulira m'khola la ng'ombe.

"A Zakeyu, ng'ombe ya kumtunda sitsikira kuchigwa," anatero a Nyoni. "M'mitengo ya tsanya muja muli kashembe. Makolo athu anataya ng'ombe kumeneko, n'chifukwa chake anakwera nazo kuno."

Kashembe ndi ntchentche yoluma. Ikaluma ng'ombe, ng'ombeyo siifa pomwepo. Imayenda bwinobwino masabata angapo, kenako n'kuyamba kufota mpaka kugwa. Malume anaseka, nati zimenezo n'zakale, tchire lija linatenthedwa ndipo ntchentchezo zinatha. Ataona kuti anthu sakugonja, anadziguguda pachifuwa.

"Chabwino. Kuti muone kuti sindikukunamizani, ng'ombe za pakhomo pathu ndi zimene zitsogole."

Pakhomo pathu! Munthu amene pakhomo pathupo analibepo ngakhale nkhuku ya chitopa. Koma anthu anang'ung'udza mogoma, ndipo ndinamva wina akuti munthu sangaponye za kwawo pamoto, ndiye kuti mwina n'zoona.

Amayi anakanitsitsa. "Eni ake kulibe, alongo. Ine ndingakawayankhe chiyani?" Malume sanalimbane nawo. Anandilondola ine kudambo, navula wezulo ija n'kundiveka pakhosi. Anati ine ndine mwamuna wa pakhomo, ndine ndidzayende patsogolo pa ngolo zonse, ndipo bambo akadzabwera adzapeza mwana wawo atapanga zimene amuna a ndevu anaziopa. Ha, mutu wanga unatupa ngati dzungu. Masiku atatu ndinawavutitsa amayi, kulira, kukana kudya, mpaka anatopa nane. Anthu ataona Bantomu ndi Sikochi ali pagoli, mabanja ena asanu ndi limodzi anatulutsanso ngolo zawo, n'kutuma anyamata awo.

A Nyoni ng'ombe zawo sanatulutse. M'mawa wonyamuka anandikokera pambali. "Mwanawe, wakutsina khutu ndi mnansi. Ukakaona ntchentche yotuwa, imene ikatera mapiko ake amasanjikizana ngati sizasi yotseka, usakadikire munthu. Ukamasule ng'ombe, ubwere nazo." Ndinavomera ndi mutu, koma maso anali pa wezulo.

Tinatsika tsiku lathunthu. Kuchigwa kunali kutentha kwina kumene ine ndinali ndisanakuonepo, mpweya wake ngati wa m'ng'anjo ya njerwa, fumbi lomata m'mano. M'mawa mwake Bwana Chisoti anaimirira pa khonde la sitolo ya thonje n'kutiyankhula, malume akumasulira. Anati kampani ndi banja limodzi. Anati kampaniyo sinabwere kudzangogula thonje, inabwera kudzatukula anthu a dziko lino, ndipo ife ndi ngolo zathu tinali mbali ya ntchito yaikuluyo. Tinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Ine ndinali ndisanamvepo mzungu akunditcha wachibale.

Njira ya kusiteshoni inkadutsa m'mitengo ya tsanya n'kuwoloka kamtsinje kouma ka mithunzi yambiri. Tsiku lachiwiri, tili pakamtsinjepo, Bantomu anayamba kukupiza mchira mwamphamvu n'kumaponda pansi. Nthawi yomweyo china chake chinandibaya pakhosi ngati singano yamoto. Ndinachiwomba ndi dzanja, chinagwa, koma sichinafe. Nditachitola ndinaona mapiko aja atasanjikizana ndendende mmene ananenera a Nyoni. Ndinayang'ana pamimba pa Sikochi, panali zinayi zitakakamira. Ndinaikulunga ntchentcheyo m'tsamba, ndipo titabwerera pamsika masana ndinathamangira kwa malume amene anali pasikelo.

Anafunyulula tsambalo, nayang'ana. Sanadabwe ngakhale pang'ono, ndipo chimenechi ndi chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero. Anaifinya ndi zala, naiponya pansi, naipondapo ndi nsapato.

"Waonetsa ndani?"

"Palibe, malume."

"Wachita bwino, mphwanga. Tamvera. Ukangotchula zimenezi, ngolo zonse zithawa lero lomwe. Thonje linyowa, alimi a kuno alira, ine ntchito yatha, iwe ukabwerera kumudzi ngati mwana wamantha. Mtsogoleri sachititsa anthu ake mantha. Kwatsala masiku asanu ndi atatu okha. Ng'ombe zamphamvu ngati zimenezi zingafe ndi ntchentche ziwiri?"

Sindinauze wina aliyense. Ndikhoza kunena kuti ndinali mwana ndipo ndinkaopa malume, ndipo si bodza. Koma ndakalamba, ndilibenso chobisira. Ndinkaikonda wezulo ija. Anyamata a ndevu zawo sankasuntha ngolo ine ndisanaimbe, ndipo sindinkafuna kuti zimenezo zithe. Anzangawo kashembe anali asanamuonepo, ankangotukwana ntchentche za kuchigwa kuti n'zaukali. Tsiku lina mmodzi wa iwo anandifunsa pakamtsinje pomwe paja, "Kodi Damiyano, izi si zija ankanena a Nyoni?" Ine ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti malume aziona, akuti si zimenezo. Tinawoloka kamtsinjeko kawiri pa tsiku, masiku asanu ndi atatu.

Thonje lonse linakwera sitima mitambo isanayambe n'komwe kusonkhana. Bwana Chisoti anawagwira chanza malume pamaso pathu tonse. Ife anatipatsa malipiro athu ndi kathumba ka mchere aliyense, ndipo tinakwera phiri tikuimba.

Patapita masabata atatu Sikochi anayamba kuima payekha. Ubweya unaimirira, m'maso mukutuluka misozi, akudya koma nthiti zikuwerengeka. Amayi anawiritsa mizu yonse imene anthu anawauza. A Nyoni anabwera, anamukweza Sikochi chikope, anamugwira pakhosi, n'kutembenuka kundiyang'ana ine. Sikochi anafa ndi mvula yoyamba. Bantomu anapirira mpaka chimanga chitafika m'mawondo. Tsiku lomaliza ndinamuitana, anayesa kudzutsa mutu ngati kale, mutuwo unamukanika. M'mudzi monse zinali chimodzimodzi, khola ndi khola, ndipo mwa ng'ombe zonse zimene zinatsikira kuchigwa zotsala sizinakwane zala za dzanja limodzi.

Amuna anapita kukadandaula ku kampani. Bwana Chisoti anawayankha kuti kampani inabwereka ngolo, sinagule ng'ombe, ndipo ng'ombezo zafera kwanu, osati pa ntchito. Za banja limodzi zija sanazitchulenso. Atatembenukira kwa malume, malumewo anatambasula manja, nkhope ili yachisoni. "Abale anga, mukundida chifukwa chiyani? Nanenso ndili pa maliro. Kodi zoyamba kufa si ng'ombe za pakhomo pathu?" Asa! Ng'ombe za bambo anga zinawagwirira ntchito kawiri, zili moyo kukopera anthu, zitafa kuwatchinjiriza. Chaka chisanathe anawakweza kukhala kapitawo wamkulu, n'kuwapatsa njinga. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Bodza limenelo, wa malume unalewa zonse.

Bambo anafika nthawi ya masika. Kalata imene amayi anawalembera inasemphana nawo panjira. Ndinawaona akutsika njira ya ku Nsipe, anyamata awiri atawanyamulira pulawo yatsopano ya penti wobiriwira, iwo akumwetulira. Sanalowe m'nyumba, analunjika kukhola. M'kholamo munali mutamera bonongwe wofika m'chiuno. Amayi anawafotokozera zonse akulira, akudziimba mlandu okha. Bambo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anandiitana.

"Ntchentchezo unaziona?"

"Ndinaziona, bambo."

"Tsiku liti?"

"Lachiwiri."

"Nanga masiku enawo unkatani?"

"Ndinkaimba wezulo."

Ndinadikira mbama. Ndikanakonda akanandimenya mpaka kundithyola nthiti, mwina bwenzi zitatha tsiku lomwelo. Iwo anangokhala pa mtengo wotsekera khola, natsokomola nthawi yaitali.

"Malume ako anali olimba mtima chifukwa ng'ombezo sizinali zawo," anatero. "Koma iwe unkadziwa kuti n'za yani."

Sananenenso china pa nkhaniyi, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Patatha miyezi iwiri anakalembetsanso ulendo wa ku Joni kuti akapeze zogulira ng'ombe zina. Pulawo anaiika pansi pa nkhokwe, naifunditsa chiguduli. Chaka chotsatira kunabwera sutikesi yawo, bulangete limodzi ndi kalata yonena kuti chifuwa chinawagonjetsa. Manda awo sindikuwadziwa.

Ndinaphunzira sukulu movutika, ndinayamba ukalaliki, ndinakwera mpaka kukhala ndi ofesi yanga ndi malole ambirimbiri pansi panga. M'misonkhano ndinkawamva mabwana anzanga atavala masuti akunena kuti tiyenera kulimba mtima, bizinesi siifuna amantha. Ine ndinkangofunsa funso limodzi: ng'ombe zake n'za yani? Ankandiyang'ana ngati wamisala, mpaka ndiwamasulire kuti zikavuta agone ndi njala ndani, ife tili m'chipinda muno kapena dalaivala ndi ana ake. Anandipatsa dzina loti Chitsekereza. Masiku ano ndimamva pa wailesi makampani akuchotsa anthu ntchito mwezi womwewo akuluakulu agula magalimoto atsopano, pakhoma atapachika mawu okoma a cholinga cha kampani m'felemu yagalasi, akuti ndife banja limodzi. Ndimatseka wailesiyo. Mawu amenewo ndinawawombera kale m'manja ndili mwana.

Musandiyese woyera mtima. Kangapo konse ndinawamva malume Zakeyu akuyankhula ndi pakamwa panga, ndikuuza dalaivala kuti matayala amenewo apirira ulendo umodzi wokha. Ndinkati ndikazindikira, ndimathamangira kugeti kukaimitsa loleyo, thukuta lili kamukamu. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti munthu wapansi akakubweretsera ntchentche yake m'tsamba, utsogoleri wako wonse uli pa zimene uchite nayo mphindi imeneyo. Ndikudziwanso kuti kampani siyendera bodza la wamkulu lokha. Pamafunika wina wapakati, wokonda wezulo yake, woti aone n'kukhala chete.

Malume anafa ali nkhalamba, atakhuta masiku, ndipo pa maliro awo mlaliki anati anali mtsogoleri wopanda mantha. Ine ndinali pomwepo, ndinangoyang'ana pansi. Pulawo ija ndidakali nayo pa khonde kuno, penti anatha kalekale, yangofiira ndi dzimbiri. Adzukulu anga amandifunsa chifukwa chimene ndimasungira chitsulo chopanda ntchito. Ndimawauza kuti n'cha bambo anga, anachigula kuti asadzalowenso m'dzenje, ndipo sichinalimepo mzere ndi umodzi womwe.