Bwato Likunyamuka Ndisanatsanzike

Ndili m'mbali mwa Shire, pamene madzi amachita thovu pamiyala. Wotitsogolera pa ulendowu, mayi wamfupi wa wezulo m'khosi, akupopa bwato la labala ndi pampu ya njinga. "Achimwene, valani jekete yoyandamitsa tizipita. Kuno tibwerako Loweruka."

Jekete ndavala, koma m'matumba mwake mwadzaza mchenga wonyowa. Pomwepo ndikukumbuka kuti sindinatsanzike.

Abale anga onse aima pamzere m'madzi olekeza m'chiuno, atavala zovala za kutchalitchi. Ndikugwadira aliyense, madzi akundilowa m'kamwa. Azakhali akufunsa za ana anga mmodzimmodzi, dzanja langa osalisiya. Mayi uja akuimba wezulo. Bwato layamba kutsetsereka.

Kumapeto kwa mzere kuli bambo anga, amene anaikidwa m'manda ine ndili ku Joni. Agwira nkhafi yanga.

"Bambo, ndipatseni chonde, akundisiya!"

"Ukuthamangira kuti?" akutero mofatsa. "Khala pansi, unditsanzike bwinobwino."

Ndikutsegula pakamwa, koma pakungotuluka madzi okhaokha.

Ndadzuka kutulo, dzanja lili chitambasulire. Chikwama cha ulendo chili apo pakhomo, cholongedza kale.