Ofesi ya pa Chulu

A Hosea Kumwenda, aphunzitsi a ku Kambombo, ndiwo apampando a nthambi ya m'boma la Chama ya gulu la anthu amene anaphunzira pa yunivesite ina ya ku Lusaka. Mlembi ndi iwo omwe, membala ndi iwonso, ndipo pa chisankho anapambana popanda wotsutsa.

Mwezi uliwonse yunivesiteyo imachititsa msonkhano wa pafoni. Koma kwawoko netiweki inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha m'munda mwa amai Vivian. Tsiku la msonkhano a Hosea ankavala jekete ndi tayi, kupalasa njinga, kukwera chulucho, n'kukweza foni m'mwamba ngati akupempha mvula.

Chaka chatha fetereza atachedwa, amai Vivian anayamba kukumba chulucho n'kumamwaza dothi lake m'mizere ya chimanga.

"Amai, imeneyo ndi ofesi yanga!" anadandaula a Hosea.

"Manje aphunzitsi, ana anga asanu ndi mmodziwa azidya msonkhano?" anayankha mayiyo, khasu osaleka.

Chulu chinkafupika, mawu a ku Lusaka n'kumadukaduka, mpaka foni inangoti zii.

A Hosea atapita ku boma patatha miyezi inayi, anapeza pafoni uthenga wa ku Lusaka wofunsa nthambi iliyonse zimene yachitira anthu a kwawo. Ena anali atagula mabuku, ena atakumba zitsime. A Hosea anakumbukira chimanga cha amai Vivian, chotalika kuposa munthu, n'kulemba monyadira kuti: "Nthambi ya Chama inapereka ofesi yake yonse, ndipo anthu asanu ndi awiri akhuta."